Viza ya sukulu kunja: ndalama zigone masiku angati, mapepala akhale ati?

Anambewe, Chisitu: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Mwana wa achemwali anga wapeza malo a masters ku England, sukulu itsegulira Seputembala. Kalata yomulandira yabwera pa imelo. Achimwene athu, amalume ake a mwanayo, ndiwo alipira zonse. Tiyambire pati kuti viza isavute? Odziwa tiunikireni.

Aphiri, Luchenza: Taswera, mayi. Choyamba, kalata yafikayo si imene amapemphera viza. Chofunika ndi CAS, nambala imene yunivesite imatulutsa mwana akakwaniritsa zonse zimene adamuuza, nthawi zambiri kuphatikizapo kulipirako gawo la fizi. Pa CAS pamalembedwa dzina lake, nambala ya pasipoti, kosi, tsiku loyamba ndi lomaliza, fizi yonse ndi zimene walipira kale. Imagwira ntchito miyezi 6, ndipo kamodzi kokha. Akakukanizani viza, CAS imeneyo yatha, mukapemphenso ina.

Ikangofika muiwerenge chilembo ndi chilembo. Nambala ya pasipoti ikalakwika, kapena ndalama zimene mudalipira zikapanda kuoneka, alembereni akonze musanadzaze fomu.

Ndipo masiku muziwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera tsiku lotsegulira sukulu. Yankho la viza limatenga pafupifupi masabata 3 kuchokera tsiku lodinda zala, koma Julayi ndi Ogasiti anthu amachuluka. Fomu mutha kuipereka kutatsala miyezi 6. Sukulu ya Seputembala, ndalama zikhale zitalowa kubanki kumayambiriro a Juni.

Anambewe, Chisitu: Ndalamazo zili kale mu akaunti ya amalume akewo. Tingotenga sitetimenti yawo basi?

Mayi Nabanda, Bvumbwe: Ayi achemwali, pamenepo ndi pamene anthu akwathu kuno amagwera. Kuno malume ndi mwini mbumba, kulipirira mwana wa mlongo wake sukulu n'kwachibadwa. Koma lamulo la viza ya UK silidziwa malume. Ndalama zikhale mu akaunti ya wophunzira mwini wake, kapena ya mayi ake, bambo ake, kapena womulera amene khoti lidamuvomereza. Malume, azakhali, achimwene ali ku Joni, abusa, onsewa sitetimenti yawo saiwerengera ngakhale mutakhala mamiliyoni angati.

Njira yake ndi yapafupi. Amalumewo asamutsire ndalamazo mu akaunti ya mwanayo nthawi ikadalipo, kenako muyambe kuwerenga masiku 28. Sungani umboni wa kusamutsako ndi kalata yawo yonena kuti ndalamazo apereka kuti zilipire sukulu.

Mukasankha akaunti ya kholo, pafunika satifiketi ya kubadwa yoonetsa dzina la khololo, ndi kalata yosainidwa yoti lalola ndalamazo zigwire ntchitoyo. Ana ambiri kuno adaleredwa ndi agogo kapena azakhali makolo atamwalira, koma popanda pepala la kukhoti. Kalata ya amfumu siilowa m'malo mwa pepala limenelo. Zikatero, akaunti ya mwana yemweyo ndiyo yosavuta.

Achisale, Goliati: Ndifotokozeko za masiku 28, chifukwa ambiri amamva theka. Ndalama zonse zofunika zigone mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi. Banki ikadula ndalama zake za pamwezi n'kutsitsa balansi ndi K2,000 pansi pa mlingo, masiku aja ayambiranso pa 1. Wounika sayang'ana balansi ya tsiku lomaliza yokha, amafufuza tsiku limene inali yotsikitsitsa.

Chachiwiri, tsiku lomaliza pa sitetimenti lisatalikirane ndi tsiku lopempha viza kupitirira masiku 31. Tsiku lopempha ndi limene mwatumiza fomu pa intaneti n'kulipira, osati limene mwapita ku Lilongwe kukadinda zala. Tinene kuti ndalama zalowa pa 1 Juni. Tsiku la 28 ndi 28 Juni. Mukatumiza fomu pa 27 Juni mwaphonya ndi tsiku limodzi, ndipo chifundo palibe. Dikirani mpaka 30 Juni, katengeni sitetimenti, tumizani fomu sabata yomweyo.

Amwale, Limbuli: Nanga ndalama zake ndi zingati kwenikweni?

Achisale, Goliati: Fizi ya chaka choyamba imene yatsala pa CAS, kuphatikiza ya chakudya ndi pogona ya miyezi 9. Kuyambira Novembala 2025 ndi £1,529 pamwezi mu London ndi £1,171 kunja kwa London. Miyezi 9 ndiye £13,761 kapena £10,539. Chitsanzo chabe: fizi ikhale £16,000, mwalipirako £4,000, sukulu ili kunja kwa London. Mu akaunti mukhale £12,000 kuphatikiza £10,539, zonse £22,539. Pa mtengo wa kubanki ndi ndalama zopitirira K50 miliyoni.

Pambali pa zimenezo pali zolipira tsiku lotumiza fomu. Viza yokha mu 2025 inali £524. Ndalama ya chipatala ndi £776 pachaka, ndipo amawerengera kutalika kwa viza, osati kwa kosi. Masters ya miyezi 12 amaonjezera miyezi 4 kumapeto, choncho mumalipira chaka ndi theka, £1,164. Ndalama ziwirizi zisachokere mu mulu uja wa masiku 28 musanatenge sitetimenti. Mitengoyi amaikweza kawirikawiri, onani pa gov.uk, tsamba la boma la UK pa intaneti, sabata imene mukulipira.

Mayi Nabanda, Bvumbwe: Ndionjezere za kwacha. Amasintha makwacha anu kukhala mapaundi pa mtengo wa OANDA, tsamba la pa intaneti loonetsa mitengo yosinthira ndalama, wa tsiku lopempha, osati wa tsiku limene mudaika ndalama. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adaika ndalama zongokwanira ndendende adadzuka ali ndi zoperewera, chikhalirecho sadatapeko ngakhale tambala. Ikani zoposerapo, ine ndinganene 15 peresenti pamwamba ngati mungathe. Amene ali ndi akaunti ya ndalama zakunja ali pabwino. Njira inanso ndi kulipiriratu fizi yambiri kuti ioneke pa CAS, mulu wofunika kubanki uchepe.

Vuto lina ndi kulipira komweko. Ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, ndipo makadi ambiri ali ndi malire a zimene mungalipire kunja. Pitani kubanki kwanu msanga ndi kalata ya yunivesite ndi invoisi, funsani kuti kadi yanu ingalipire mapaundi angati tsiku limodzi. Anthu amafika pomaliza pa fomu, kadi n'kukana. Wachibale amene ali kunja atha kulipira viza ndi ya chipatala ndi kadi yake, zimenezo n'zololedwa.

Mnyamata wa ku Thekerani: Akuluakulu, nanga munthu ali ndi munda wa tiyi, nyumba ya lendi pa Luchenza, ndi masheya ku banki mkhonde, sizingawerengedwe? Chuma chilipo ndithu.

Aphiri, Luchenza: Ku UK ayi, achimwene. Amafuna ndalama zoti mutha kukatapa lero lomwe. Munda, nyumba, galimoto, ng'ombe, masheya a kampani, ovadirafuti, buku la banki mkhonde, zonsezo sizilowa. Mpamba ndi Airtel Money musadalire, sunthirani ndalamazo ku akaunti ya kubanki. Ngati mukugulitsa malo kuti mupeze fizi, gulitsani msanga, ndalama zilowe kubanki, pepala logulitsirana musunge. Ogula akalonjeza kuti amaliza kulipira tiyi akayamba kuchuluka mu Disembala, musaziwerengere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Koma mapepala a munda ndi nyumba musataye. Ku Canada amathandiza kuonetsa kumene ndalama zidachokera komanso kuti muli ndi chobwererera kumudzi.

Mnyamata wa ku Thekerani: Pali ena ku Limbe amabwereketsa ndalama kuti zigone mu akaunti masiku 28, viza ikatuluka mubweze. Sizithandiza zimenezo?

Achisale, Goliati: Ndi katapila ameneyo, wangovala tayi. Pa fomu mumavomereza kuti ndalamazo ndi zanu ndipo zilipira sukulu. Atha kukuitanani ku intavyu n'kufunsa kuti K50 miliyoni idalowa tsiku limodzi idachokera kuti, bambo anu amagwira ntchito yanji. Koma tinene kuti mwadutsa. Mwafika, fizi yatsala £12,000, ndalama mudabweza kwa eni ake. Lamulo limalola kugwira ntchito maola 20 okha pasabata sukulu ili mkati, ndipo malipiro ake amathera lendi ndi chakudya. Mukalephera fizi yunivesite imakuchotsani n'kudziwitsa boma, viza n'kudulidwa kutsala masiku 60. Mubwerera opanda digiri, chiwongoladzanja chikukudikirani.

Amwale, Limbuli: Achisale mukuopseza ana. Alipo amene amapita movutikira chonchi n'kumaliza.

Achisale, Goliati: Alipo, sindikana. Koma amene zidawakanika sabwera pagulu kudzalengeza. Funso linali loti njirayo ndi yabwino kapena ayi, ndipo yankho langa silisintha.

Mayi Nabanda, Bvumbwe: Choipitsitsa ndi sitetimenti yopanga pa kompyuta. Amaimbira banki kapena kuilembera imelo kuti itsimikize. Akapeza kuti ndi yabodza, si kukanizidwa kokha, ndi chiletso chofika zaka 10. UK imagawana zidindo za zala ndi America, Canada, Australia ndi New Zealand, ndiye musaganize kuti mungosintha dziko. Ejenti akakudzazirani fomu n'kuikamo bodza inu osadziwa, mlandu ndi wanu, dzina lili pafomupo ndi lanu. Madobadoba a viza achuluka pa Facebook ndi WhatsApp. Wina akati ali ndi munthu wake mkati mwa ofesi ya kazembe, dziwani kuti ndalama zanu zapita. Mafomu a UK saunikidwa n'komwe ku Lilongwe, kumeneko amangotenga zala ndi chithunzi.

Anangondo, Chonde: Za ndalama zamveka. Ine ndinene za maina, chifukwa zimatenga nthawi kuposa momwe anthu amaganizira. Yalani patebulo satifiketi ya MSCE, chiphaso cha unzika, pasipoti, digiri ndi transikiripiti. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane paliponse. Kwathu kuno mwana amalembetsa pulayimale ndi dzina la agogo aamuna akuchikazi, ku sekondale n'kutenga la bambo ake. Wina adabwereza Sitandade 8 pa dzina lina. Wina chaka chobadwa adachepetsa. Kwina dzina lili ndi h, kwina lilibe. Ife timadziwa kuti ndi munthu mmodzi, wounika viza sadziwa.

Kusiyana kwa kalembedwe kapena dzina lapakati losowa, kalumbireni afidaviti kwa majisitireti kapena kwa loya, muitumize ku yunivesite CAS isanatuluke. Tsiku lobadwa likasiyana pakati pa chiphaso ndi pasipoti, afidaviti siikwanira, kakonzetseni ku NRB ndi ku Immigration. Satifiketi ya kubadwa imachokeranso ku NRB, yambirani ku ofesi yawo kwa DC paboma. Ya MSCE ikatayika nkhani yake ndi ya ku MANEB ku Zomba. Ndipo yunivesite zakunja zimafuna transikiripiti yoonetsa magiredi a chaka chilichonse, osati digiri yokha. Kaya mudaphunzira ku MUST pa Ndata pompano, ku MUBAS kapena ku Chanco, ipempheni miyezi ingapo nthawi isanakwane.

Pasipoti ndiye musachedwe nayo konse. Kumayambiriro a 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima masabata angapo, ndipo CAS situluka popanda nambala ya pasipoti. Ngati yatsala pang'ono kutha, isintheni musanapemphe CAS kuti nambala isadzasiyane.

Anambewe, Chisitu: Zoyezetsa TB tamva kuti zikufunika. Tingapite pachipatala chaboma pompano?

Anangondo, Chonde: Ayi mayi. Malawi ali pa mndandanda wa maiko amene munthu wokakhala ku UK kupitirira miyezi 6 ayenera kuyezetsa TB, koma pachipatala chokhacho chimene boma la UK lidachivomereza. Dzina lake lili pa gov.uk pansi pa Malawi. Pepala la chipatala chaboma kapena cha mishoni kuno, ngakhale losainidwa ndi dokotala wamkulu, salilandira. Amajambula chifuwa, chikakhala bwino satifiketi imatuluka msanga ndipo imagwira ntchito miyezi 6. Akakayikira, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga masabata 8. Amene adadwalapo TB kale, ngakhale adachira, apite msanga ndi makadi ake a mankhwala, chifukwa zipsera zimaoneka pachithunzi. Kuyezetsa mu Ogasiti ndi kusewera ndi moto. Meyi kapena Juni ndiye nthawi yake.

Aphiri, Luchenza: Ziwiri zina mwachidule. Chingerezi: Malawi sali pa mndandanda wa maiko amene anthu ake sayesedwa, ngakhale tidaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Pa digiri ndi masters yunivesite ndiyo imagamula. Ina imavomera kalata yoti digiri yanu idaphunzitsidwa m'Chingerezi, ina imafuna mayeso a Chingerezi a IELTS, amene zotsatira zake zimatha pakapita zaka 2. Funsani msanga. Kenako makosi ena a sayansi ndi uinjiniya amafuna satifiketi ya ATAS, chilolezo cha boma la UK chophunzirira makosi amenewo, musanapemphe viza, ndipo imatenga masabata angapo. Kalata yokulandirani imanena ngati ikufunika.

Amwale, Limbuli: Mkazi ndi ana angapite nawo?

Aphiri, Luchenza: Kuyambira Januwale 2024, wa masters yophunzitsidwa m'kalasi satenga banja. Amaloledwa ndi a PhD, a masters ya kafukufuku, ndi amene akulipiriridwa ndi boma pa kosi yopitirira miyezi 6.

Mnyamata wa ku Thekerani: Nanga ku America? Anzanga akuti kumeneko sikolashipu n'zambiri.

Achisale, Goliati: Kumeneko zinthu zidasintha. Mu Disembala 2025 boma la America lidaika Malawi pa mndandanda wa maiko amene aimitsidwa ma viza ena kuyambira 1 Januwale 2026, ndipo ma viza a sukulu a F, M ndi J ali m'gulu lomwelo. Musalipire kalikonse musanaone zimene ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe yalemba patsamba lake. Zija za chikole cha madola mpaka 15,000 zimene zidayamba mu Ogasiti 2025 zinali za viza ya alendo, anthu amaziphatikiza.

Njira yake ikakhala yotsegula imayenda chonchi: sukulu imatumiza I-20, pepala lotsimikiza kuti yakulandirani, mumalipira $350 ya SEVIS, kaundula wa ophunzira akunja, mumadzaza DS-160, fomu yopemphera viza, mumalipira $185, kenako intavyu ya maso ndi maso imene imatha m'mphindi zochepa. Ambiri amakanizidwa pa ndime 214(b), kutanthauza kuti wofunsayo sadakhutire kuti mudzabwerera kwanu. Ndalama zimenezi sizibwezedwa.

Anangondo, Chonde: Tisaiwale South Africa, chifukwa ndi kumene ambiri a kuno angakwanitse. M'yunivesite zaboma ophunzira a m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, kungoonjezera kandalama ka alendo. Koma cholakwa chachikulu ndi ichi: poti Mmalawi amalowa masiku 30 popanda viza, ena amakwera basi pa Wenela poganiza kuti akasintha mapepala ali konko. Lamulo lawo sililola kusintha kuchoka pa mlendo kupita pa viza ya sukulu uli mkati mwa dzikolo. Mupemphe muli kuno. Mukapitirira masiku amene adakupatsani amakuletsani kulowanso, chaka chimodzi ngati simudapyole masiku 30, zaka 5 ngati mwapyola.

Amafuna kalata ya sukulu yonena kutalika kwa kosi, umboni wa ndalama, lipoti la dokotala, kalata ya kupolisi yoti mulibe mlandu yosapitirira miyezi 6, ndi medical aid ya bungwe lolembetsedwa ku South Africa komweko. Ya kuno kwathu saivomera. Kalata ya kupolisi imafuna kudinda zala ndipo imadutsa kulikulu ku Area 30, choncho iyambeni msanga. Amene ali ndi MSCE yokha afunse kaye yunivesite za matriculation exemption, chiphaso chovomereza kuti maphunziro awo akwanira kuyamba digiri kumeneko, asanalipire kanthu, chifukwa pa digiri nthawi zambiri amafuna china pamwamba pake.

Mayi Nabanda, Bvumbwe: Canada: sukulu ikhale pa mndandanda wa DLI, wa sukulu zololedwa kulandira ophunzira akunja, ophunzira ambiri amafunikanso kalata ya PAL yochokera kuboma la chigawo chimene kuli sukuluyo, yotsimikiza kuti malo awo alipo, ndipo ndalama ya chakudya ndi pogona kuyambira Seputembala 2025 ndi madola a ku Canada 22,895 pachaka, fizi payokha. Iwo amayang'ana sitetimenti ya miyezi ingapo, ndiye ndalama yongogwa dzulo imaonekeratu. Kumeneko malume amaloledwa kukhala wolipira, bola kalata yake ndi umboni wa ntchito kapena bizinesi yake zikhalepo. Germany amafuna €11,904 mu akaunti yotsekedwa imene mumatapako €992 pamwezi. China sukulu imatumiza fomu yopemphera viza ya JW201 kapena JW202, viza yake ndi X1, ndipo mukafika muli ndi masiku 30 oti mutenge chilolezo chokhala.

Amwale, Limbuli: Ndalama zonsezi mphunzitsi wa pa Limbuli azipeza kuti? Mwatigwetsa mphwayi.

Aphiri, Luchenza: Ndiye chifukwa chake sikolashipu yathunthu ili njira yeniyeni kwa ambiri. Kalata ya wolipira wovomerezeka, monga boma, yunivesite kapena bungwe la maiko ambiri, imalowa m'malo mwa sitetimenti yonse ija. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imatsegula mu Ogasiti, imafuna digiri ndi zaka 2 za ntchito, maola 2,800, ndipo imalipira fizi, ndege, viza ndi ndalama ya pamwezi. Pomaliza muyenera kubwerera kuno zaka 2. Palinso za Commonwealth, DAAD ya ku Germany ndi Mastercard Foundation. Kupempha sikolashipu zimenezi n'kwaulere, wokuuzani kuti mulipire fomu ndi wakuba. Koma werengani kalata bwino. Ikakhala ya fizi yokha, ya chakudya ndi pogona muionetsebe kubanki masiku 28 omwe aja.

Anambewe, Chisitu: Akamuitana ku intavyu ayankhe bwanji? Mwanayo ndi wamanyazi.

Achisale, Goliati: Mbewa ya manyazi idafera kuuna, mayi. Komabe safuna Chingerezi chokometsera, amafuna aone kuti munthuyu akudziwa chimene akukachita. Adziwe maina a maphunziro atatu kapena anayi a mu kosi yake, fizi yake, tauni imene akukakhala ndi mtengo wa lendi kumeneko, chifukwa chimene wasankhira yunivesite imeneyo osati ina, amene akulipira ndi ntchito yawo, ndi ntchito imene adzagwire akabwerera. Wa digiri ya zaulimi amene akuti akukaphunzira za nthaka kuti adzagwire ntchito ndi alimi a tiyi ndi makadamiya, nkhani yake imamveka. Wa digiri ya zaulimi amene wasankha kosi yoyendetsa mahotela chifukwa ndi yotsika mtengo, ayembekezere mafunso ovuta. Mayankho oloweza amadziwika msanga. Ngati padadutsa zaka chimalizireni sukulu, anene zoona zimene ankachita, kaya ndi geni kaya ndi ulimi.

Ndipo pafomu pali funso loti mudakanizidwapo viza ya dziko lililonse. Ayankhe zoona. Kukanizidwa kwakale pakokha sikutseka njira, kubisa ndiye amakutenga ngati chinyengo.

Mayi Nabanda, Bvumbwe: Zikavuta n'kukanizidwa, kalata yake imanena chifukwa. Ngati wolakwitsa ndi wounika, monga kuwerenga masiku molakwika, pali administrative review, kupempha kuti aunikenso chigamulo chawo, £80, mkati mwa masiku 28, koma mapepala atsopano salandira ndipo imachedwa. Ngati cholakwa ndi chanu, kuli bwino kupempha CAS ina n'kuyambiranso. Ya chipatala ija amabweza, ya viza sabweza.

Anangondo, Chonde: Za ulendo wa ku Lilongwe: kuchokera ku Mulanje ndi minibasi mpaka Limbe kenako basi, tsiku lonse lathera panjira. Musanyamuke m'mawa wa tsiku lomwelo, kagoneni konko. Mapepala muwasikane bwino n'kuwakweza pa intaneti musananyamuke, osati zithunzi za foni zodulidwa m'mbali, ndipo sitetimenti ioneke masamba onse ndi chidindo cha banki. Muwaike mu pulasitiki, Juni ndi Julayi chiperoni sichichenjeza. Tikiti ya ndege musagule viza isanatuluke.

Anambewe, Chisitu: Zikomo nonse. Ndiye mawa achimwene akasamutse ndalamazo, masiku tiyambe kuwerenga mawa lomwelo?

Achisale, Goliati: Yambani tsiku limene zaonekera mu akaunti ya mwanayo, osati limene zatumizidwa. Zikachokera ku banki ina zimatha kugona panjira. Ndipo kadi ya akaunti imeneyo aisiye kunyumba mpaka sitetimenti itatuluka.